Kusiya kuona odwala: njira zimene dokotala angatenge ndi mtengo wa iliyonse

Dokotala akanena kuti watopa ndipo akufuna kusiya, mawu omwewo amatha kubisa anthu atatu osiyana. Wina watopa ndi chipatala chimene akugwirako: manaiti otsatizana, abwana ovuta, kusowa kwa zipangizo. Wina watopa ndi gawo la udokotala limene anasankha, monga opareshoni zadzidzidzi, koma odwala akuwakondabe. Wachitatu ndi amene mtima wake unachokadi pa ntchito yoyeza ndi kuchiza munthu mmodzimmodzi. Njira zimene tikuyerekeza pano n'za wachitatuyu. Woyamba uja akungofunika kusintha malo. Wachiwiri angapeze mpumulo m'magawo monga radiology (kuwerenga zithunzi za m'thupi) kapena pathology (kuyeza matenda mu labu), kumene udokotala ulipobe koma chipwirikiti cha kuwodi n'chochepa. Awiriwa akathamangira ntchito ya muofesi, kawirikawiri amayamba kuwasowa odwala aja.

Kutopa kwenikweniko nakonso kuyenera kuyezedwa. Mu 2019 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linafotokoza kutopa kotereku, kumene amakutcha burnout, m'buku lake la mayina a matenda la ICD-11 ngati vuto lochokera kuntchito, osati matenda, ndipo linatchula zizindikiro zitatu: kutheratu mphamvu, kuipidwa ndi ntchito, ndi kudziona ngati sukukwanitsanso kanthu. Zizindikiro zimenezi zimafanana kwambiri ndi za matenda a maganizo, amene amamutsata munthu kulikonse kumene angapite. Choncho musanalembe kalata yosiyira ntchito, tengani tchuthi cha milungu ingapo ndipo muonane ndi dokotala mnzanu ngati wodwala. Ngati mwapuma mokwanira koma kuganizira za wodi kukukulemetsanibe mtima, pamenepo ndiye tingakambe za njira zina.

Pa njira iliyonse pali mafunso anayi oti mufunse. Kodi digiri ya udokotala ikukutsegulirani khomo, kapena mukuyamba mofanana ndi wina aliyense? Mufunika maphunziro ena a zaka zingati? Malipiro anu azichokera m'thumba la ndani? Ndipo mukasintha maganizo, mungathe kubwerera?

Makampani a mankhwala ndi kafukufuku wa mankhwala atsopano

Tiyambe ndi kuno chifukwa ndi kumene digiri yanu ili ndi mphamvu kwambiri. Pali maudindo ena amene makampani amafuna kuti akhale m'manja mwa dokotala basi, ndiye simupikisana ndi khamu lonse.

Khomo losavuta kulowera ndi ntchito yolondoloza zovuta zimene mankhwala amabweretsa, imene amaitcha pharmacovigilance. Inakula pambuyo pa tsoka la thalidomide, mankhwala amene anachotsedwa pamsika mu 1961 atapundula ana ambiri asanabadwe. Mu 1968 WHO inayambitsa pulogalamu yosonkhanitsa malipoti a zovuta zotere kuchokera kumayiko osiyanasiyana, ndipo lero amasungidwa ku Uppsala Monitoring Centre m'dziko la Sweden. Tsiku lanu limakhala lowerenga malipoti: munthu wakuti anamwa mankhwala akuti, kenako kunachitika zakuti. Pa lipoti lililonse mumayankha zinthu zitatu. Kodi vutolo lili m'gulu la zoopsa? Kodi linali lodziwika kale m'zikalata za mankhwalawo? Kodi n'kutheka kuti mankhwalawo ndi amene alichititsa? Kenako vutolo limalembedwa m'mawu ovomerezeka a m'dikishonale ya MedDRA kuti lithe kuwerengedwa pamodzi ndi ena ofanana nalo.

Madokotala atsopano amalakwa pa funso loyambalo, chifukwa amaliyankha ndi maso a kuwodi. Malamulo amati vuto ndi loopsa ngati lapha munthu, laika moyo pachiswe, lagonetsa munthu m'chipatala kapena kutalikitsa masiku ake kumeneko, lamusiya wolumala, kapena lachititsa kuti mwana abadwe ndi chilema. Mutu wowawa koopsa koma munthu osagonekedwa sulowa m'gululi. Chizungulire chaching'ono chimene chagonetsa munthu m'chipatala chimalowa. Kulakwa apa kumasokoneza nthawi yotumizira lipoti. Pa kafukufuku, vuto loopsa losayembekezereka lokayikiridwa kuti lachokera ku mankhwala liyenera kufika kwa oyang'anira mankhwala m'masiku 7 ngati lapha kapena laika moyo pachiswe, ndi m'masiku 15 ngati ndi loopsa mwa njira zina zija. Masikuwa amawerengedwa onse, Loweruka ndi Lamlungu lomwe, kuyambira tsiku limene kampani yamva nkhaniyo, osati tsiku limene lipoti lafika pa tebulo lanu. Amene anathawa wodi poganiza kuti muofesi mulibe zothamangitsana adziwe kuti walira mvula walira matope. Ubwino wake ndi woti usiku mumagona kwanu.

Ntchito yachiwiri ndi ya medical monitor, dokotala woyang'anira chitetezo cha anthu olowa m'kafukufuku. Mankhwala atsopano amadutsa magawo anayi: loyamba pa anthu makumi ochepa, nthawi zambiri athanzi, pofuna kudziwa mlingo wosavulaza; lachiwiri pa odwala okwana mazana ochepa; lachitatu pa mazana ambiri kapena masauzande; lachinayi mankhwala atalowa kale pamsika. Madokotala a m'zipatala zimene kafukufuku akuchitikira amakufunsani ngati wodwala wakutiwakuti akuyenera kulowa, ngati zotsatira za chiwindi zikufuna kuti mankhwala aimitsidwe, ndi zina zotero. Apa nzeru za kuwodi zimagwira ntchito tsiku ndi tsiku, n'chifukwa chake amene anamaliza ukatswiri, makamaka wa khansa, mtima kapena matenda opatsirana, amafunidwa kwambiri. Zofunika kudziwa poyamba ndi malamulo oyendetsera kafukufuku a Good Clinical Practice (GCP), amene ICH, bungwe logwirizanitsa malamulo a mankhwala m'mayiko osiyanasiyana, linakhazikitsa mu 1996, ndi mfundo zoteteza anthu olowa m'kafukufuku za Declaration of Helsinki ya 1964. Satifiketi ya GCP imapezeka pa intaneti m'masiku ochepa, pena kwaulere. Koma payokha siipezetsa ntchito, popeza aliyense ali nayo. Chimene chimapezetsa ntchito ndi kukhala kuti munagwirapo kafukufuku weniweni, ngakhale ngati wothandizira mkulu wa kafukufuku pachipatala chanu chomwecho. Makampani oyendetsa kafukufuku m'malo mwa opanga mankhwala, monga IQVIA, ICON ndi Parexel, ndi amene ambiri amayambirako.

Yachitatu ndi medical affairs, kumene mumafotokozera akatswiri za umboni wa mankhwala a kampani yanu ndi kuona kuti zolemba zotsatsa sizikunama. Pamafunika munthu wokonda kucheza ndi kuyenda. Apa mumapikisana ndi akatswiri a za mankhwala komanso a PhD, ndipo digiri yanu siikupatsani mwayi waukulu ngati m'ntchito ziwiri zija.

Malipiro m'makampani nthawi zambiri amaposa a boma ndi a kuyunivesite. Mtengo wake ndi uwu. Mankhwala akalephera pa gawo lachitatu, kapena makampani awiri akaphatikizana, dipatimenti yonse imatha kutsekedwa ngakhale munagwira bwino. Mawu anu sakhalanso omaliza monga zinkakhalira pabedi la wodwala. Amadutsa kwa maloya, a zamalonda ndi a zamalamulo a mankhwala. Ndipo kampani imayenera kugulitsa. Dokotala wosatha kunena kuti ayi kwa munthu womulipira asapite kumeneko. Amene akufuna ntchito yomweyi popanda nkhani ya malonda aganizire mbali inayo ya tebulo, mabungwe a boma ounika mankhwala asanaloledwe, ofanana ndi FDA ya ku America kapena EMA ya ku Ulaya imene ili ku Amsterdam. Malipiro amachepa koma ntchito imakhazikika.

Zaumoyo wa anthu ambiri

Iyi ndi njira imene madokotala ambiri amayamba kuiganizira, ndipo ndi imene ambiri amaimvetsa molakwika. Amaganiza za kuthamangitsa miliri ndi kukonza ndondomeko za dziko. Zimenezo zilipo, koma mbali yaikulu ya sabata imathera pa bajeti, kulemba zopempha ndalama, misonkhano, ndi malipoti a miyezi itatu iliyonse opita kwa opereka ndalama. Wodwala akachira mumamuona akutuluka. Pulogalamu ya katemera ikayenda bwino mumangoona manambala akutsika patatha zaka, ndipo palibe amene amabwera kudzathokoza chifukwa cha matenda amene sanadwale.

Digiri imene amafuna ndi MPH (masitazi ya zaumoyo wa anthu ambiri) kapena masitazi ya epidemiology, phunziro la mmene matenda amafalira pakati pa anthu. Ku Britain, monga ku London School of Hygiene and Tropical Medicine, imatenga chaka chimodzi ngati mukuphunzira tsiku lonse. Kwina imatenga ziwiri. Pali njira ina imene tikuiona kuti ndi yabwinopo kwa wofuna za miliri: maphunziro a zaka ziwiri a Field Epidemiology Training Programme, amene mayiko ambiri ali nawo motengera Epidemic Intelligence Service imene CDC, bungwe la ku America lolimbana ndi matenda, linayambitsa mu 1951. Mumaphunzira muli pantchito, kufufuza miliri yeniyeni. Mulimonsemo, chimene chimasiyanitsa anthu pa intavyu si pepala koma luso logwira manambala. Phunzirani pulogalamu yosanthulira manambala monga R kapena Stata mpaka muzitha kutenga deta yosokonekera, kuikonza ndi kutulutsamo tebulo lomveka. Kudziwa DHIS2, pulogalamu yochokera ku University of Oslo imene maunduna a zaumoyo ambiri amasungiramo deta, n'kothandizanso.

Udokotala umapatsa ulemu kuno, koma si chiphaso. Gro Harlem Brundtland, amene anatsogolera WHO kuyambira 1998 mpaka 2003, anali dokotala amene anaphunziranso zaumoyo wa anthu ku Harvard. Tedros Adhanom Ghebreyesus, amene anatenga udindowu mu 2017, si dokotala wochiza anthu. Mudzapikisana, ndipo pena mudzalamulidwa, ndi anamwino, akatswiri a zachuma ndi a manambala odziwa ntchitoyi kuposa inu.

Chiopsezo chachikulu ndi gwero la ndalama. Ntchito zambiri za m'mabungwe ndi za kontirakiti ya chaka chimodzi kapena ziwiri, yomangiriridwa ku thandizo la dziko lina. Mu January 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake lakunja ndi kulengeza kuti lituluka mu WHO, ndipo chaka chomwecho bungwe la USAID linathetsedwa. Mapulogalamu ambiri anatsekedwa mwadzidzidzi pamodzi ndi ntchito za anthu ake. Musanasayine, funsani kuti ndalama za udindowo zikuchokera kuti ndipo zitha liti.

Kafukufuku wa kuyunivesite ndi kuphunzitsa

Poyerekeza ndi njira ziwiri zapitazi, iyi ndi yochedwa kubala zipatso koma ndi yosavuta kubwerera, chifukwa ambiri amasunga tsiku limodzi pa sabata loona odwala. PhD imatenga zaka 3 kapena 4, pena kuposa, ndipo m'zaka zimenezo ndalama zimatsika kwambiri. Mukaimaliza moyo umakhala wolemba zopempha ndalama ku mabungwe monga Wellcome kapena NIH, ndipo zopempha zambiri zimakanidwa. Chimene chimagwetsa anthu kawirikawiri si mutu wa kafukufuku koma wowayang'anira. Musanasankhe pulofesa, fufuzani kuti ophunzira ake akale anamaliza m'zaka zingati, anasindikiza zingati, ndipo ali kuti pano.

Kuphunzitsa kokha, monga anatomy (kapangidwe ka thupi), physiology (kagwiridwe ntchito ka thupi) kapena luso loyeza odwala, n'kosavuta kulowa ndipo kumakhutiritsa amene amakonda ophunzira. Kungoti kukwezedwa pa udindo kuyunivesite kumatsata zosindikiza, osati kuphunzitsa bwino.

Utsogoleri, inshuwalansi ndi upangiri

Kuyendetsa chipatala kumaoneka ngati njira yachidule, poti malo ndi anthu mukuwadziwa kale. Koma ngati chimene chinakutopetsani ndi mikangano ndi kusowa kwa zinthu, udindowu ukuunjikirani zomwezo. Madandaulo a odwala, milandu ya ogwira ntchito, ngongole za ogulitsa mankhwala, zonse zimathera pa inu, ndipo anzanu a dzulo amayamba kukuonani ngati wa mbali ina. Chofunika kuphunzira msanga ndi kuwerenga mabuku a ndalama ndi malamulo a ntchito. MBA, digiri ya kayendetsedwe ka bizinesi, ndi yodula, ndipo si nzeru kuilipira musanayendetsepo ngakhale dipatimenti imodzi. Imathandiza kwambiri kwa wofuna kulowa m'makampani opereka upangiri monga McKinsey, kumene Vas Narasimhan, dokotala amene anakhala mkulu wa kampani ya mankhwala ya Novartis mu 2018, anagwirako. Kumeneko maola ndi ataliatali ngati a kuchipatala komwe.

Makampani a inshuwalansi amalemba madokotala oti aziunika ngati chithandizo chimene chapemphedwa n'choyenera kulipiridwa. Maola ndi odziwika, maphunziro owonjezera ndi ochepa. Cholemera chake n'chakuti tsiku lina mudzakana kulipira chithandizo chimene inuyo mukanachipereka mukanakhala pabedi la wodwalayo.

Zamakompyuta ndi kulemba

Zipatala ndi makampani opanga mapulogalamu osungira mbiri ya odwala amafuna munthu womva zilankhulo ziwiri, cha kuwodi ndi cha opanga mapulogalamu. Simufunika kukhala katswiri wolemba mapulogalamu. SQL pang'ono (chilankhulo chofufuzira deta), kumvetsa ICD ndi SNOMED CT (mindandanda ya makodi a matenda) ndi njira yotumizirana deta ya HL7 FHIR n'zokwanira kuyambira. Chenjerani ndi makampani ongoyamba kumene amene amalonjeza masheya m'malo mwa malipiro okwanira. Ambiri sakhalitsa, ndipo ena amangofuna dzina la dokotala pa zikalata zawo.

Kulemba za mankhwala kulipo mitundu iwiri. Nkhani zosavuta za umoyo zimalipira pang'ono, ndipo mapulogalamu a AI akulanda gawo la ntchitoyi. Zikalata zopita kwa oyang'anira mankhwala, monga lipoti la kafukufuku lotsata ndondomeko ya ICH E3, zimalipira bwinopo ndipo zimatheka kugwirira kunyumba. Digiri yanu sifunika kwenikweni apa. Amafuna kuona zimene munalembapo.

Kusiyiratu zaumoyo n'kulowa bizinesi kapena zamalamulo n'kotheka, koma kumeneko mumayambira pansi ndipo zaka zanu za kusukulu ya udokotala sizikuwerengedwa.

Tikaziika pamodzi

Kwa dokotala amene anamaliza ukatswiri ndipo akufuna kuti nzeru zake za kuwodi zisawonongeke, medical monitor kapena bungwe lounika mankhwala n'zimene tingaike patsogolo. Amene ali ndi zaka zochepa pantchito ndipo alibe ukatswiri, pharmacovigilance ndiyo ili ndi khomo lotseguka. Wokonda manambala, wotha kupirira kontirakiti zazifupi, apite ku epidemiology. Amene sanatsimikize mtima asankhe kuyunivesite, kapena agawe sabata pakati, masiku ena kuchipatala ena ku ntchito yatsopano. Kugawa kotereku kumachepetsa liwiro la kukwera mbali zonse ziwiri, koma kumakupatsani chaka choonera zinthu musanatseke khomo.

Cholakwika chimene chimadya ndalama zambiri ndi kuyamba ndi sukulu. Munthu amasiya ntchito, amakongola ndalama za masitazi, kenako n'kuzindikira kuti ntchito yake sakuikonda kapena kuti olemba ntchito akufuna zaka ziwiri zogwirapo. Yambani ndi kulawa muli pamalipiro: lowani komiti ya mankhwala kapena yoteteza matenda opatsirana pachipatala chanu, tsogolerani kauniuni wa imfa za m'wodi, pemphani malo m'kafukufuku amene alipo. Pezani anthu awiri kapena atatu ogwira ntchito imene mukuifuna, muwafunse zimene anachita dzulo kuyambira m'mawa mpaka kuweruka, osati ngati akusangalala. Werenganinso zotsatsa ntchito 10 kapena 15 za udindowo ndi kulemba zofunika zimene zikubwerezedwa. Maphunziro oyenera kulipira ndi okhawo amene akuoneka pa mndandandawo.

CV nayo imafuna kulembedwa mwatsopano. Wolemba ntchito ku kampani sasamala kuti munachita maopareshoni angati. Amafuna kuona kuti munatsogolera anthu angati, munasintha chiyani ndipo zotsatira zinali zotani, m'masamba awiri. Yembekezerani kuti udindo woyamba ukhala wotsika poyerekeza ndi umene mwasiya, ndipo sungani ndalama zokwanira miyezi 6 musanachoke, chifukwa kulembedwa m'makampani ndi m'mabungwe akuluakulu kumatenga miyezi.

Layisensi ndi zomangira musanatuluke

Musalole layisensi kufa chifukwa cha mkwiyo. Ntchito zambiri zimene tatchulazi, makamaka za medical monitor ndi inshuwalansi, zimafuna kuti mukhale m'kaundula wa madokotala ngakhale simukugwira wodwala. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Ku Britain, mwachitsanzo, kuyambira 2012 bungwe loyang'anira madokotala la GMC limafuna kuti dokotala aziunikidwanso zaka 5 zilizonse kuti asunge layisensi, koma limalolanso kukhala m'kaundula popanda layisensi yochizira. Lemberani bungwe loyang'anira madokotala m'dziko lanu, mufunse maphunziro opitiriza amene limafuna pachaka, komanso kuti munthu akakhala zaka zingati osaona odwala amayenera kuyambanso pansi pa womuyang'anira. Luso la manja, monga opareshoni ndi kugonetsa odwala, limazimirira msanga kuposa nzeru za m'mutu, choncho dokotala wa opareshoni ali ndi nthawi yochepa yosinthira maganizo kusiyana ndi wa matenda a m'thupi.

Werenganinso mgwirizano wanu wa ntchito. Ngati boma kapena chipatala chinakulipirirani maphunziro, pangakhale zaka zimene munalonjeza kugwira, ndipo kuchoka msanga kumatanthauza kubweza ndalamazo. Onani miyezi ya notisi ndi zimene zichitike ndi penshoni yanu. Tengani makalata a umboni kwa akuluakulu anu mudakali pomwepo, pamodzi ndi chikalata chosonyeza kuti mulibe mlandu ku bungwe la madokotala. Chikalatachi chimagwira ntchito miyezi yochepa chabe, ndiye muchipemphe pamene chikufunika.

Chomwe ambiri amaiwala ndi inshuwalansi yoteteza dokotala ku milandu. Wodwala angathe kukusumirani patapita zaka, ndipo pa nkhani za ana obadwa nthawi yosumira imakhala yaitali kwambiri. Inshuwalansi ina imateteza chilichonse chimene chinachitika pa nthawi imene munkalipira, ngakhale mlandu utabwera mutasiya kale. Ina imateteza milandu yokhayo imene yafika mudakali kulipira, kotero mukaleka kulipira tsiku losiya ntchito, zonse za m'mbuyo zimatsala poyera. Ngati yanu ndi ya mtundu wachiwiriwu, gulani chitetezo chowonjezera cha zaka zotsatira, chimene amachitcha run-off cover, ndipo yankho la kampaniyo likhale lolembedwa musanagwire shifiti yomaliza.